Buku limene tinaliimirira

Linali Loweruka masana, kunja dzuwa likuswa mtengo, pamene a Lazarous anandiuza nkhani iyi. Tinali pa kalesitilanti ka amwenye ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha ku Qatar, tikumwa karaki, tiyi uja wa mkaka wotsekemera mopitirira. A Lazarous ndi a ku Ntcheu, amalonda pageti la nyumba ina yosanja kufupi ndi siteshoni ya sitima ya metro. Si munthu wothira mchere pankhani. Anati:

M'chipinda mwathu ku akomodeshoni, nyumba zogona antchito, timagona atatu. Ine, a Amidu a ku Machinga amene amagwira kuhotela, ndi Wickson. Wickson ndi dalaivala. Kampani inamuika kwa mzungu wina wa ku America, bambo Dale, injiniya wokalamba amene ankakhala mu vila, chinyumba cha mpanda, ku Nuaija. Mnyamatayo ndi wabwino mtima. Ukadwala amakugulira panado osamupempha. Koma anali ndi vuto limodzi. Ukamufunsa kwawo, ankati, "Lilongwe." Ukati, "Lilongwe pati?" ankati, "Mutauni mwenimweni." Ukati, "Nanga kumudzi?" ankayamba kukamba za mpira.

Si iye yekha. Kuno ku Doha aliyense ndi wa mutauni, ndipo mwamuna aliyense ndi batchala.

Ndiye Wickson anakonda Lettie, mtsikana wa ku Chipata amene amagwira ntchito ya m'nyumba pa vila yoyandikana ndi ya bambo Dale. Ankaonana m'mawa, uyu akukataya zinyalala, uyu akutsuka galimoto. Galimotoyo inatsukidwa mpaka kutsala pang'ono kusupuka penti. Atamufunsira, Lettie anavomera, koma anati mawu omaliza ali ndi a Fortune.

A Fortune Tembo ndi mkulu wa mpingo wathu kuno. Ndi foromani wa amisiri okonza ma eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, ku Al Aziziya. Kwawo ndi kufupi ndi boda ya Mwami, mbali ya Zambia. Asanabwere kuno ankapalasa njinga kudutsa pabodapo ndi katundu, ndiye midzi ya ku Mchinji amaidziwa mpaka agalu ake. Amalume ake a Lettie anawauza kuti, mwanayo muzimuyang'anira ndinu, inu mukati inde nafenso tidzati inde.

Tsiku lina titatuluka m'mapemphero, a Fortune anamuimitsa Wickson pakhomo, ine ndili pomwepo.

"A Wickson, kwanu n'kuti?"

"Lilongwe, bambo."

"Lilongwe ndi dzina la mtsinje. Ine ndikufunsa kumene kunakwiriridwa mchombo wanu."

Wickson anangoseka, n'kuyang'ana nsapato zake.

"Manje ine ndipereke bwanji mwana wa eni kwa munthu wongogwa kumwamba ngati mvula? Mwina kumudzi munasiya mkazi ndi ana ali mbwee. Ndikalakwitsa, amalume ake adzandula khosi ndi ineyo."

Titakwera basi ndinamuuza kuti, "Aise, tangotchula mudziwo. Kodi kwanu kuli mfiti?"

Iye anati, "Amwene, ukangotchula mudzi anthu amayamba kukuyeza. Asiyeni. Ndiwaonetsa ndi zochita kuti ndine munthu."

Lettie naye ankamuuza zomwezo. "A Wickson, ngakhale kwanu kukhale kutchire, ine ndikapita. Ingowauzani akuluwo." Koma ayi ndithu.

Tsopano ndikuuzeni za mpingo wathu. Timakumana Lachisanu m'mawa, poti ndilo tsiku la ofu kuno, m'kachipinda kamene timabwereka kumpanda wa matchalitchi. Ndife Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi. Kwathu mukudziwa mwambo wake: mapemphero asanayambe, mkulu wa mpingo amalowa atanyamula Baibulo lalikulu ndi manja awiri, anthu onse n'kuimirira, mlaliki akubwera pambuyo. Baibulolo likaikidwa pagome ndiye anthu amakhala. Koma kuno Baibulo lalikulu tinalibe. Pobwera, chikwama chimayezedwa, ndiye munthu amasankha pakati pa buku ndi ufa. Aliyense amawerenga pafoni. A Fortune zinkawawawa kwambiri. Nthawi ina anayesa kulowa atanyamula foni yawo pa kathaulo, ife titaimirira. Ali pakati pa kanjira foniyo inalira, abwana awo akufunsa za eyakoni yotayikira madzi. Kuyambira tsiku limenelo mwambowo unatha.

Kenako kunamveka kuti abusa Dzimbiri, abusa okalamba a kwathu, akuchokera kumsonkhano kunja, ndipo aima kuno kwa mwana wawo, adzalalikira kwa ife Lachisanu. A Fortune analengeza ali ndi chimwemwe, koma pomaliza anadandaula. "Abusa athunthu adzalowa opanda Baibulo patsogolo, ngati akulowa mu shopu. Manyazi ake!"

Sabata yomweyo ndi imene bambo Dale ankalongedza. Anali atapuma pantchito, akubwerera kwawo. Mkuluyo anali ndi chipinda chodzaza mabuku akalekale a ku America, onunkha fumbi, ena zikuto zitachita kunyenyeka. Wickson ankati m'galimoto nkhani zawo zinali zomwezo: asilikali a kale ankadya chiyani kumisasa, ankagona bwanji m'mahema nthawi ya chisanu, ankasoka okha mayunifomu, tchalitchi chakuti anamanga ndani. Iye ankangoti, "Yes sir, yes sir," maganizo ali kuseri kwa mpanda kwa Lettie.

Mabukuwo anachuluka, onse sakanakwera sitima. Bambo Dale ali piringupiringu ndi anthu olongedza, anangoloza makatoni amene anatsala n'kumuuza Wickson kuti atengepo chilichonse chimene wakonda, zotsalazo akapereke kusukulu. Wickson anavundukula katoni yoyamba. Munali buku la asilikali, zithunzi za mahema ndi akavalo. Lina linali la matchalitchi, abusa a ndevu okhaokha. Pansi penipeni ndi pamene analipeza.

Anafika nalo kuchipinda madzulo, atalikumbatira ngati mwana wodwala, thukuta lili kamukamu.

"Amwene, tsekani chitseko. A Fortune atha."

Linali buku lalikulu ndithu, lakuda, chikuto chachikopa, m'mbali mwa mapepala muli golide, lili ndi kachitsulo kotsekera. Zolemba za pachikuto zinafufutika kalekale, ndipo masamba oyambirira anathothoka. Tsamba loyamba limene linatsala linali ndi chithunzi cha katchalitchi koyera ka nsanja yosongoka.

Ndinati, "Watsimikiza kuti ndi Baibulo?"

"Taonani nokha."

Anatsegula pakati. Mizere iwiri patsamba, tizilembo ting'onoting'ono, manambala m'mbali. Chizungu changa ndi cha pageti, cha "ID please" ndi "parking full", koma mayina ndinawazindikira. Hezekiya. Obadiya. Nehemiya. Ezekieli. Abigayeli. Rute. Tsamba lililonse anthu omwewa.

"Si buku la Mbiri limeneli? Uje anabala uje, uje anabala uje. Buku lina liti lingakhale ndi Obadiya?"

Ndinavomera kuti Obadiya sapezeka wamba. Koma potembenuza masamba ndinapeza chithunzi cha bambo wa ndevu, atavala jekete la mabatani ambirimbiri, lupanga lili m'chiuno.

"Nanga uyu ndani?"

Wickson anayang'ana kanthawi. "Kenturiyo uja. Wa wantchito wodwala."

"Kenturiyo anajambulitsa?"

"Azungu amajambula chilichonse, amwene. Inu simunaonepo chithunzi cha Mose?"

Pamenepo a Amidu anadzuka pabedi. Iwo ndi Msilamu, koma pa zinthu za Mulungu sachita nazo masewera, zikhale za mpingo uti.

"Inu anthu, buku loyera mukulitembenuza ngati nyuzi, manja a mafuta a chipisi? Ndipo mwaliika pansi, pafupi ndi masilipasi? Tsekani."

Anatulutsa nsalu yoyera yatsopano m'chikwama mwawo, n'kulikulunga bwinobwino. Kenako anakwera pampando, n'kutsitsa nsapato zanga zimene ndimasunga pamwamba pa wadirobu, n'kuikapo bukulo. Anati pasakhale chinthu china pamwamba pake, ndipo wina asaligwire asanasambe m'manja. Kuyambira pamenepo palibe analitsegulanso. Sabata yonse m'chipindamo munali ulemu. Ngakhale timu ikaluza, Wickson ankapita kukatukwanira panja.

Lachinayi Wickson anawaimbira a Fortune. "Bambo, za Baibulo musadandaule. Mawa ndibwera nalo. Lalikulu, la golide."

"Walitenga kuti?"

"Mulungu wapereka, bambo."

"Tiona," anatero a Fortune.

Lachisanu tinalawirira. A Amidu anamubwereka Wickson magolovesi oyera a kuhotela, aja operekera chakudya kwa alendo olemera. Mu takisi bukulo linakhala pamiyendo yathu tonse awiri, miyendo mpaka dzanzi. Pageti la matchalitchi mlonda wa ku Nepal analikweza kuti aone kulemera kwake, n'kutiweramira mutu. Wickson anandigunda ndi chigongono. "Mwaona? Ngakhale uyu walizindikira."

A Fortune anatipeza pakhonde. Wickson anavundukula nsalu pang'ono. Akuluwo anaona golide, anaona kachitsulo. Sanafune n'kulitsegula komwe, poti nthawi inali itatha, chipindacho timapatsana ndi mpingo wa anthu a ku Philippines. Anangoti, "Ee. Ili ndiye Baibulo. Ngakhale kwathu lotere kulibe." Kenako anachita chinthu chimene sindinayembekezere. Anati, "Walipeza ndiwe, ulowetse ndiwe. Yala, tiyeni."

Nkhope ya Wickson inachita kuwala.

Kwaya inayamba nyimbo. Chitseko chinatsegulidwa. Anthu onse anaimirira, mipando ya pulasitiki ili khwekhwerere. Wickson analowa pang'onopang'ono, magolovesi ali mbee, buku lili patsogolo. Pambuyo pake a Fortune, chifuwa chili patsogolo. Pomaliza abusa Dzimbiri, kamkulu kakafupi ka imvi, ka magalasi, kakumwetulira aliyense. Ndinaona amayi ena akupukuta misozi. Wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Lero ndiye tili kwathu." Lettie anali mu kwaya, akuimba maso ali pa munthu wake.

Buku linaikidwa pagome. Tinakhala.

Abusa anapemphera, kenako anati tiwerenga Masalimo. Anamasula kachitsulo kaja n'kutsegula pakati, monga amachitira munthu wodziwa pamene Masalimo amakhala. Anayang'ana. Anatembenuza masamba kupita kutsogolo. Anabwerera m'mbuyo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anavalanso. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine ndinaganiza kuti mwina ndi Mzimu.

"Buku ili wabweretsa ndani?"

A Fortune anaimirira. "Ndi a Wickson, abusa. Mnyamata wathu."

"Chabwino. Tamverani, ndikumasulireni pang'ono." Anaika chala patsamba. "Obadiya, mwana wachitatu wa Hezekiya. Anali wosula zitsulo. Anapita kunkhondo ali mnyamata, nabwerako ndi mwendo umodzi. Anakwatira Abigayeli, mwana wa mwini chigayo. Anabereka Nehemiya, Ezekieli, Rute, ndi mapasa amene sanakhalitse."

Amayi a kutsogolo anayankha mwamphamvu, "Ameni!"

"Musati ameni, amayi. Awa si mawu a Mulungu. Awa ndi azigogo a mzungu."

Abusa anapitiriza.

"Ili ndi buku la mtundu wa banja lina la ku America. Anthu a kale kumeneko ankakonda mayina a m'Baibulo, ngati ife tomwe. Muno analemba wobadwa, wokwatira, wopita kunkhondo, womwalira, kuyambira amene anawoloka nyanja mpaka zidzukulu. Uyu wa lupangayu," anatembenuza bukulo kuti tione, "ndi Obadiya yemweyo, mwendo usanaduke."

Ine ndinayang'ana Wickson. Kenturiyo uja.

Woyamba kuseka anali mnyamata wa kiyibodi. Kenako chipinda chonse. Amayi aja opukuta misozi anali kupukutanso, koma tsopano ya phwete. Wina anafuula kuti, "Tiwerengereni Obadiya chaputala thuu, abusa!" Anthu a ku Philippines amene ankadikira panja anayamba kusuzumira pawindo.

A Fortune okha sanaseke. Anatembenukira kwa Wickson, mawu ali pansi koma tonse tinamva.

"Mwaimiritsa mpingo wonse wa Mulungu kulemekeza makolo a abwana anu. Ineyo ndayenda pambuyo pa buku la maliro a azungu. Munthu wosadziwika kwawo, ndi buku losadziwika kwawo. Khalasi. Nkhani ija yathera pano."

Lettie anagwetsa nkhope. Wickson anangokhala, manja a magolovesi ali pamaondo. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika, poti nanenso ndinalinyamula.

Abusa anakweza dzanja. "A Tembo, mtima pansi. Kuimirira akuluakulu si tchimo, ngakhale akhale a eni. Ndipotu buku ili landisangalatsa. Anthuwa sanabise kanthu. Tamvani uyu." Anatembenuza tsamba. "Ezekieli, mwana wa Obadiya. Anamuchotsa mumpingo kawiri chifukwa cha mowa. Anagulitsa kavalo wakhungu kwa dikoni. Anamwalira ali wokalamba, anthu akumukonda."

Anthu anasekanso. Koma Wickson anadzutsa mutu.

"Abusa, pepani. Zimenezo analembadi?"

"Zili apa."

"Chidakwa? M'buku la golide?"

"Tsamba lake lakelake. Pafupi ndi mchimwene wake amene anali mbusa."

Wickson anavula magolovesi, anawapinda, anandipatsa ine. Anaimirira. Palibe anamuuza.

"Mpingo, pepani chifukwa cha bukuli. Sindinadziwe. Koma poti azigogo a eni mwawamva, mumvenso anga. Ine si wa ku Lilongwe. Ku Lilongwe ndinangokhalako pophunzira galimoto. Kwathu ndi ku Mchinji, mudzi wa Kalozera, kufupi ndi boda. Mayi anga ndi Nabanda. Amaphika kachasu. Ndi kachasu ameneyo anandiphunzitsa mpaka folomu thuu. Bambo anga anapita kumaesiteti a fodya ine ndikukwawa, sanabwerenso. Mayi awo a mayi anga anali Nambewe, woumba mbiya, anamwalira chaka cha njala. Mayi awo a Nambewe anali Naphiri, ameneyo anachokera tsidya la Zambia. Mwini mbumba wathu ndi amalume anga a Yokoniya." Anatsitsa mawu. "Amene anthu amawatchula kuti a Sipokisi. Mkazi ndilibe. Mwana ndilibe. Ndatha."

Anakhala pansi osayang'ana munthu.

A Fortune anali atatsegula pakamwa.

"A Sipokisi ati? Okonza njinga pansi pa mkuyu, ukangodutsa boda?"

"Omwewo, bambo."

"Oimba nyimbo za ukwati akamamata chubu?"

"Eya."

"Amene anagwera m'ngalande atanyamula wilo la eni, n'kugona momwemo wilo lili m'manja?"

Wickson anayankha motsitsa, "Nkhani imeneyo aliyense amaidziwa. N'chifukwa chake sindinkafuna kutchula. Ndinadziwa kuti inu mumadutsa pamenepo."

A Fortune anamenya ntchafu yawo, phaa!

"Iwe mwana! Wilo limenelo linali langa!"

Chipinda chinaphulikanso.

"Tamverani, abusa, tamverani. Tsiku limenelo mvula inali yoopsa. Ine ndasenza matumba, limu la njinga lapindika ngati chipewa. Ndawapeza a Sipokisi aledzera, sakutha n'kuima komwe. Ndinati basi, ndagona kunja. Koma mkulu uja, atatuluka m'ngalandemo, anakhala pansi n'kuliwongola wilolo akuimba. Linayenda mowongoka mpaka ndinagulitsa njingayo. Mwini wake kuyenda mowongoka sankatha, koma wilo lake, ee! Ndipo poti kunada, mlongo wawo anandiyalira mphasa pakhonde, anandipatsa mbatata yootcha ndi chitenje chofunda. Mayi wamtali, wa mpata kumano."

"Ndi mayi anga amenewo."

"Manje iwe unkabisa chiyani? Ine ndimafuna khomo loti ndikagogode. Sindinati likhale la galasi."

Wickson anati, "Ndinkaopa kuti mudzati mbewu ya zidakwa."

"Kodi iwe umamwa?"

Ndinayankha ndine. "Samwa, bambo. Karaki yekha, koma ameneyo ndiye amamwa mopanda ulemu."

A Fortune anayang'ana Lettie, anayang'ana Wickson, kenako anakumbuka kuti ndi mkulu wa mpingo, nabweza nkhope yawo ya masiku onse.

"Sindinati inde. Ndiimba kaye pa boda, ndimve ngati kulibedi mkazi. Ngati kulibe, mafi mushkila, palibe vuto. Koma za kundiyendetsa pambuyo pa Obadiya, zimenezo tidzakambirana."

Abusa anati, "Tsopano tingawerenge Masalimo?" Anatulutsa foni m'thumba la jekete. Poti gomelo ndi lalifupi, anatseka buku lija n'kutsamiritsa foniyo pamwamba pake. Inakhala bwino kwambiri, pa msinkhu wa maso awo. Anati, "Mwaona, a Obadiya agwirabe ntchito mumpingo."

Ulaliki wake sindikuukumbuka bwino, ndisaname. Ndinkangoona Lettie akuluma mlomo kuti asaseke.

A Fortune sanachedwe. Titangotuluka anaimbira mnzawo wosintha ndalama pa boda, ife tili chapatali pamthunzi, Wickson akutuluka thukuta kuposa la tsiku la bukulo. Mnzawoyo anati dikirani, anayenda mpaka pa mkuyu, n'kupereka foni kwa mwini wake. A Fortune anaika pa sipika. Mawu anamveka okalamba, osasa.

"Wikisoni? Mwana wa mlongo wanga? Mkazi amutenge kuti ameneyo? Amaopa atsikana ngati apolisi! Mwati wapeza? Wa ku Chipata? Mayo ine!"

Ndiye anayamba kuimba nyimbo ya ukwati, foni ili kukamwa. A Fortune anayesa kuwadula, osatheka. Anaimba vesi yonse, wina kumbali akuwomba m'manja, mpaka mayunitsi anatha.

A Fortune anabweza foni m'thumba. Anamuitana Wickson ndi chala.

"Ndiwauza amalume ake a Lettie kuti ine ndati inde. Chinkhoswe mukachitire kumudzi pa tchuthi, ankhoswe aonane maso ndi maso. Koma a Sipokisi mukawauze kuti tsiku limenelo ayambe nkhani, mowa pambuyo."

Wickson anagwada pa simenti yotentha ija. Lettie anabwera, anawomba m'manja mwaulemu kuthokoza a Fortune, kenako anatembenukira kwa munthu wake.

"A Wickson, ine kulota kwanga konse mabasiketi a m'mashopu a ku Lilongwe, ndimaganiza ndikukwatiwa mutauni. Kani ndi pa Kalozera pomwepa? Azakhali anga amagula mbiya kumeneko."

"Wakhumudwa?"

"Iyayi. Thiransipoti yachepa."

Bukulo tinabwerera nalo pa takisi, koma ulendo uno linakhala ku buti. M'mawa mwake Wickson anakalibweza ku Nuaija, n'kuwafotokozera bambo Dale zonse. Akuti mkuluyo anaseka mpaka anakhala pa katoni. Kenako anasiya kuseka, anafunsa kawiri ngati anthu onse anaimiriradi. Anati Obadiya ndi agogo awo a agogo awo a kuchikazi, ndipo bukulo analiika m'katoni yotaya chifukwa ana awo salifuna. Analitenga, anachotsa majekete ena m'chikwama chokwera nacho ndege, n'kuikamo bukulo. M'malo mwake anamupatsa Wickson lija la asilikali, la mahema ndi akavalo. Lili pansi pa bedi la Wickson, limathandiza mwendo umene unathyoka.

A Amidu titawauza sanaseke msanga. Anaganiza kaye, kenako anati, "Makolo a munthu si zinyalala. Nsaluyo sinapite pachabe. Koma magolovesi mubweze, ndi a kampani."

Ine ndinakwera pampando n'kubwezera nsapato zanga pamwamba pa wadirobu. Nditatsika ndinayesa kutchula anthu a kwathu monga anachitira Wickson. Ndinafika pa agogo n'kuima, mayi awo dzina osalidziwa. Ndiye ndinatenga foni n'kuimbira mayi anga aang'ono ku Ntcheu. Anayamba andifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndili bwino, ingonditchulirani anthuwo mmodzimmodzi, musadumphe zidakwa.